Dziwe la Bodza

Munthu wowedza ndi mbedza akakuuzani kumene wagwira nsomba, inu pitani kwina. Bodza lotere si tchimo ayi, ndi mmene masewerawo amayendera. Wowedza amanama za kukula kwa nsomba imene yamupulumuka, amanama za nyambo, koma bodza lake lonona amalisungira malo. Ndiye pa nkhani imeneyi a Lumo, wometa tsitsi wa mumsewu wopita kumsika uja, anali katakwe. Akati kumtunda, anzawo ankangoseka n'kulowera kumunsi, ndipo palibe ankasunga mangawa.

Dzina lakuti Lumo linabwera chifukwa anali okha m'tauni monse amene ankametabe ndevu ndi lumo lopinda, lonolera pa lamba wachikopa. Kachipinda kawo kanali ndi mpando wozungulira umene unasiya kalekale kuzungulira, benchi la odikira, galasi lalikulu losweka pakona, ndi makina ometera awiri, ena abwino, ena oluma. Olumawo ankasungira anthu amwano. Kuseri kwa chitseko kunkatsamira ndodo yowedzera yansungwi, yosalala ndi manja, imene alamu awo anawadulira n'kuiwongola pamoto chaka chimene a Lumo anakwatira.

Alamu awowo, mchimwene wa akazi awo, ankayendetsa chigayo kuseri kwa msika. Anthu ankawatchula a Fumbi, poti nsidze, makutu ndi malaya zinkakhala mbuu ngakhale atasamba. Phokoso la chigayo linawadyera khutu limodzi, ndiye ankalankhula pang'ono, kumva pang'ono, koma kuyang'ana kwambiri. Wachitatu pagululi anali a Choko, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankatha kufotokoza chifukwa chimene nsomba sizikudyera ngakhale iwo asanaponye mbedza.

Loweruka, tsiku limene wometa aliyense wanzeru amaima mpaka miyendo kutupa, a Lumo ankatseka chitseko dzuwa likafika pamutu. Akazi awo anadandaula mpaka anatopa.

“Anzanu akukolola, inu mukukaotcha msana kumtsinje. Nsomba zakenso mukagwira mumazibwezera m'madzi. Ndi nzeru zimenezo, bambo?”

“Zazing'ono zokha, mayi.”

“Nanga zazikuluzo zili kuti?”

Funso limeneli a Lumo ankalidumpha ngati chithaphwi. Chimene sankatha kuwauza akazi awo n'chakuti iwo sankapitira nsomba kwenikweni. Ankapitira kukhala pagombe pafupi ndi alamu awo, osalankhulana, aliyense maso ali pa kachidutswa ka patapata koyandama pamadzi. Sabata yonse ankamva nkhani za anthu mpaka mutu kulemera. Bata lija la pambali pa a Fumbi ndilo linali mankhwala awo, ndipo ankalikonda kuposa mmene akanavomerera.

Atatuwa anali ndi kachitidwe kawo. Sankangofika pamtsinje n'kuponya ngati alendo. Ankayamba asankha dziwe n'kulidyetsa. Pakati pa sabata mmodzi ankapita ndi gaga wa kuchigayo, kumunyowetsa, kumusakaniza ndi dothi, kuumba mipira n'kuiponya m'madzi. Nsomba zinkazolowera kudya pamenepo, ndiye Loweruka likafika makumba ndi milamba zinkakhala zitasonkhana ngati anthu pa depoti. Gagayo a Fumbi ankapereka ulere, thumba linkadikira kale pakhomo la chigayo.

Kenaka kunabwera a maukonde. Anafika ndi lole ya madzi oundana, mabwato, ndi maukonde a maso ang'onoang'ono oti ngakhale mwana wa temba sapulumuka. Poyamba ankakokolola kufupi ndi mlatho, ndipo atatuwa anangosunthira kutali uku akutukwana. A Choko anavala tayi n'kupita ku ofesi yoona za nsomba, nabwerako ndi malonjezo odzaza thumba. Koma posakhalitsa kunayamba chinthu chimene chinawalanda a Lumo tulo. Dziwe lililonse limene iwo adyetsa, Loweruka ankalipeza litapsa. Bango litagona, matope atapondedwa, ndere zitakokeredwa kumtunda, tinsomba tosafunika titatayidwa pamchenga, ntchentche zili ng'waa. Akasamukira pena, zomwezo. Akasankha pobisika, pofika ndi minga m'miyendo, zomwezonso.

“Mtsinjewu ndi wautali,” anatero a Lumo tsiku lina ataima pa dziwe lophedwa. “Anthu amenewa akusiya bwanji madziwe onsewa n'kumangogwera pathu? Kodi ukonde uli ndi mphuno?”

A Choko anayamba kufotokoza za nyengo. A Fumbi anangowerama, kutola kansomba kamene kankapumabe, n'kukabwezera m'madzi.

M'mutu mwa a Lumo nkhani inali itatha kale. Ukonde ulibe mphuno, koma munthu ali ndi pakamwa. Odziwa madziwewo anali atatu okha. Iwo eni ankadzidziwa. Ndiye panatsala awiri.

Kukayikira kuli ngati tsitsi logwera m'kolala, likangolowa simukhalanso bwino. A Lumo anayamba kuona zinthu. Anaona kuti a Choko, munthu wa penshoni, agula chipewa chatsopano. Koma a Choko anali a pakamwa, akanakhala iwo akanadziulula okha dzuwa lisanalowe. Amene ankawavuta mumtima anali wosalankhulayo. Anaona lole ya a maukonde itaima kufupi ndi chigayo, dalaivala wake akumwa madzi pa mpopi wa a Fumbi. Anaona alamu awo atavala jombo zatsopano. Ndipo tsiku lina madzulo akazi awo anaika patebulo mbale ya mlamba wonona, mafuta ali noninoni.

“Wachokera kuti ameneyu?”

“Achimwene atipatsa.”

“Iwo amutenga kuti? Loweruka sitinagwire kanthu.”

“Aa, kodi nsomba ili ndi chiphaso? Agula kumsika. Idyani, bambo, ndiwo zikuzizira.”

A Lumo anatsina pang'ono, n'kukankha mbale. Nsombayo inawawawa m'kamwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, anaganiza choncho uku akuyang'ana akazi awo akutafuna mosangalala. Ungamugwire bwanji munthu amene mlongo wake ukugona naye nyumba imodzi?

Panali chinthu chimodzi chimene ngakhale alamu awo sankachidziwa. Kupitirira uvuni wakale wa njerwa, kumene njira imathera m'zitsamba, a Lumo anali atapeza dziwe lakuya pansi pa mtengo wogwa. Madzi ake anali akuda, odekha, ndipo m'menemo munali nsomba za kale, zija ankaziona ali mnyamata. Munali mlamba wina wokalamba umene unawadulira chingwe n'kuthawa ndi mbedza yawo yomangidwa ndi ulusi wabuluu. Dziwe limeneli ankalisungira alamu awo. Ankafuna kuti tsiku lina adzawatengere kumeneko popanda a Choko, angoti, “Ponyani apo, alamu,” n'kuona nkhope yafumbi ija ikumwetulira. Tsopano anayamika Mulungu kuti pakamwa pawo panachedwa.

Ndiye anatchera msampha, ndipo anautchera pamalo pamene iwo anali mfumu: pampando wometera.

Oyamba kubwera kudzameta anali a Choko. A Lumo anawakulunga nsalu m'khosi, kudikira kuti pabenchi pasakhale munthu, n'kuwerama pakhutu.

“Aphunzitsi, ndapeza malo. Pansi pa mapaipi a madzi aja. Makumba ngati mbale. Musauze munthu, ngakhale alamu anga.”

“Pamapaipi? Zoona, pamenepo madzi amazungulira, ndiye mpweya...”

“Khalani phee, ndingakuduleni khutu.”

Tsiku lina kunabwera a Fumbi, atasasa malaya pakhomo ngati mwa masiku onse. Vuto linali lakuti munthu wa khutu limodzi sanong'onezedwa. A Lumo anachita kutseka chitseko, kuzimitsa wailesi, n'kuzungulira ku mbali ya khutu lamoyo.

“Alamu, ndapeza malo. Dziwe la kumchenga, kuja malole amakumba mchenga. Kuli milamba yoopsa. Loweruka tikaponya kumeneko.”

Dziwe la kumchenga aliyense ankalidziwa. Linali losaya, lofunda, lodzaza achule, loti ngakhale mbalame zodya nsomba sizinkataya nthawi kuterapo. A Fumbi anakweza maso n'kuwayang'ana a Lumo kudzera pagalasi.

“Kumchenga, alamu?”

“Kumchenga komweko.”

“Mwagwirako inuyo?”

Apa a Lumo anachita chimene wowedza sachita. Bodza la wowedza limanenedwa ndi kamseko pakona ya mlomo, kuti mnzako adziwe kuti mukusewera. Koma iwo, pofuna kuti nyambo imezedwe, anaika dzanja pamtima.

“Ndikulumbira, alamu. Pali mayi anga kumanda. Musauze munthu.”

A Fumbi anawayang'anabe pagalasipo nthawi yaitali, osaphethira. Kenaka anatsitsa maso.

“Chabwino, alamu.”

A Lumo anatola makina ometera. Maso amenewo anawaona bwino. Munthu wosalakwa akanaseka, akanati, “Inu alamu, achule mwayamba kuwatchula milamba?” Koma uyu anangomeza n'kuyang'ana pansi. Pometa m'khosi dzanja la a Lumo linanjenjemera, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kutenga gaga kuchigayo. Ankatapa mwakabisira m'thumba la nkhuku za akazi awo, ndipo m'mawa asanatsegule ankakwera njinga kupita ku dziwe lawo la mtengo wogwa. Ankalidyetsa mowolowa manja kuposa kale, ngati munthu wonenepetsa mbuzi imodzi yotsala m'khola. Pobwerera ankadutsira pa misampha yawo iwiri.

Pamapaipi panalibe kanthu. Udzu unali chiimire, madzi akudutsa okha. A Choko anali oyera.

Kumchenga, tsiku loyamba, anapeza mapazi a jombo zatsopano. Tsiku lina anapeza thumba lopanda kanthu litakodwa pa bango, la mtundu uja amaikamo gaga kuchigayo, ndipo pa tsamba lina panali fumbi loyera. Anakhala pansi pamchengapo. Ankafuna kugwira wakuba, inde, koma pansi pamtima ankapempha kuti msamphawo ugone ndi njala.

Lachisanu m'mawa anabwereranso kumchenga, nabisa njinga m'tchire n'kusuzumira patali. Pamadzi panali bwato, anthu awiri akukoka ukonde. Pagombe panaima munthu woyera mbuu, akutambasula dzanja kuloza m'madzi, pakamwa pakugwedezeka. Mawu sankamveka, koma a Lumo sanafune mawu. Anali ataona ndi maso awo. Anakwera njinga, misozi ya ukali ikuwaphimba njira, mpaka anatsala pang'ono kugunda mbuzi.

Loweruka dzuwa lili pamutu a Fumbi anafika pa kachipinda kometera ndi ndodo yawo paphewa, chitini cha nyongolotsi m'manja. A Choko anali atakhala kale pabenchi, pamodzi ndi anthu ena odikira kumetedwa. Munthu wanzeru akanaitanira mlamu wake kuseri. Koma mkwiyo wa a Lumo unali utagona masiku ambiri, ndipo unkafuna mboni.

“Mwabwera, alamu? Lero mukatiperekeza pati? Kapena muyambe mwakafunsa mabwana anu a lole?”

A Fumbi anatembenuza khutu lamoyo. “Mwati bwanji?”

“Ndati mwatigulitsa!” A Lumo anakuwa mpaka odutsa mumsewu anaima. “Dziwe la kumchenga ndinauza inu nokha. Nokha! A Choko ndinawauza kwina, ndipo kumeneko sikunapite ukonde. Dzulo ndakuonani ndi maso angawa mukuwalozera. Zaka zonsezi tikukhala limodzi pagombe, kani mukundiwerengera madziwe? Jombo zimenezo, si mamba a nsomba zathu amenewo? Mpaka kutumiza mlamba kunyumba kwanga kuti ndidye nawo manyazi anu!”

“Abale, tiyeni tikhale pansi,” anayesa a Choko, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mawu anawathera.

A Lumo anapita kuseri kwa chitseko, kutenga ndodo yansungwi ija, n'kuiponya panja. Inagwera m'ngalande ya m'mphepete mwa msewu.

“Tengani nsungwi yanu. Ine ndi wogulitsa mtsinje sindiwedza naye.”

A Fumbi sanakweze mawu. Nkhope yawo, pansi pa fumbi lija, inangoti zii. Anayang'ana anthu a pabenchi, amene onse anali atapeza choyang'ana pansi, kenaka anayang'ana mlamu wawo.

“Munkandiyesa, alamu?”

“Ndipo mwakodwa.”

“Mwamaliza?”

“Ndamaliza.”

A Fumbi anaika chitini cha nyongolotsi pakhonde, pamthunzi kuti zisafe, natsikira m'ngalande, natola ndodo ija, naipukuta ndi malaya, n'kumapita osacheuka.

Kunyumba kunalibe mtendere. Nkhani inali itafika kale, poti mumsewu wa kumsika mphekesera imathamanga kuposa njinga. Akazi awo sanalalate, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kulalata.

“Achimwene anga aja, nkhuku ya eni ikaikira dzira pakhomo pawo amanyamula dziralo kukapereka. Lero akhala akuba chifukwa cha inu?”

“Ndinaona ndi maso, mayi.”

“Maso anu omwewo amene amaona nsomba yaitali ngati chitseko? Jombo zija ndinawagulira ndine, mapazi anali atang'ambika. Koma musandimvere, ine ndine mlongo wa wakuba.”

Za jombozo zinawaluma pang'ono, koma anadzilimbitsa. Magazi ndi magazi, mlongo angalekerenji kuikira kumbuyo mchimwene wake? Chimene chinawalimbitsa kwambiri chinali dziwe la mtengo wogwa. Limenelo sanauze munthu, ndipo linali bwinobwino. Umboni wina ungaposenso pamenepa? Anapitiriza kulidyetsa, koma akakhala pamenepo okha bata lake silinali lija. Linali bata la m'nyumba yosamukamo anthu.

Patapita masiku, chakumasana, munalowa mlendo m'kachipinda kometera. Anali bambo wa msinkhu wapakati, wakuda ndi dzuwa, ndevu zili nyankhalala. Asanakhale n'komwe, a Lumo anali atamva fungo. Atamukulunga nsalu anaona manja: zala zodulidwadulidwa ndi ulusi wa ukonde, zikhadabo zoyera ndi madzi. Anali mmodzi wa a maukonde aja.

“Ndevu zokha, bambo. Akuti inu ndi amene muli ndi lumo lenileni.”

A Lumo ananola lumolo pa lamba nthawi yaitali kuposa mmene linkafunikira. Anapaka thovu, kupendeketsa mutu wa munthuyo, khosi lili poyera. Kenaka anayamba kuponya nyambo, mawu ali ofewa ngati a munthu wongocheza.

“Ntchito ikuyenda kumtsinjeko?”

“Aa, ikuyenda pati? Mtsinje watha uwu, bambo. Bwana akufuna lole idzaze, ana kunyumba akufuna kudya, nsomba kulibe. Mwezi wamawa tikusamukira kwina.”

“Koma inu mumadziwa pogwera. Muli ndi munthu wanu wokulozerani, eti? Uja wa kuchigayo?”

Munthuyo anaseka mpaka a Lumo anachotsa lumo msanga.

“Woyera uja? Ameneyo ndiye mdani wathu! Tsiku lina anatipeza kumchenga, anatilalatira ngati tamuphera mwana. Akuti chokani, dziwe ili ndi la alamu anga. Ife kukoka, kukoka, tinangopeza achule ndi timakumba tiwiri. Munthu wamisala ameneyo. Wakhala akuthira matumba a gaga m'dziwe lopanda nsomba.”

Lumo linaima m'malere. “Gaga?”

“Eya. Ife sitifunsa munthu, bambo, tifunsiranji? Kuno kuli madala ena owedza ndi mbedza, amatigwirira ntchito ulere. Amadyetsa nsomba. Ife m'mawa timangopalasa pang'onopang'ono m'mbali, maso pamadzi. Ukaona makoko a gaga atasonkhana pa thovu la m'bango, matemba akuwira pamwamba, basi tsata kumene akuchokera. Pamenepo zazikulu zili pansi, zakhuta, zikudikira. Mulungu awadalitse madala amenewo.”

A Lumo anakweza maso. Pagalasi anaona nkhope yawo yomwe, pakamwa pali yasa.

“Lero ndiye tadya bwino,” anapitiriza munthuyo, maso ali otseka, akumva kukoma kwa thovu. “N'chifukwa chake ndati ndimeteko ndevu. Tinatsata gaga kuchokera kumunsi kwenikweni, wambiri zedi, mpaka kupitirira uvuni wa njerwa. Pali mtengo wogwa pamenepo. Ukonde unatsala pang'ono kung'ambika! Tatulutsamo chimlamba china chokalamba, chili ndi mbedza yadzimbiri pamlomo, ya ulusi wabuluu. Bwanji, bambo, mwaima?”

“Palibe. Dzanja lachita dzanzi.”

Anamumeta mpaka kumaliza. Sanamucheke ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero sadziwa kuti zinatheka bwanji. Munthuyo atatuluka akusisita chibwano, a Lumo anatseka chitseko n'kukwera njinga.

Ku mtengo wogwa anapeza zimene ankadziwa kale kuti akapeza. Bango litagona, matope atapondedwa, madzi akuda aja atasanduka phala lofiira. Pamchenga panali tinsomba touma, ndipo pa thovu la m'mbali pankayandamabe makoko a gaga wa nkhuku za akazi awo, amene anaponya ndi dzanja lawo m'mawa wa dzulo lake. Anaima pamenepo akuyang'ana makokowo akutsetsereka ndi madzi, kupita kumunsi kukaitana ena. Chisoni cha nsomba chinalipo, koma chinali chaching'ono. Chimene chinawapweteka kwambiri chinali ndodo ija ili m'ngalande.

Anafika kuchigayo dzuwa litapendeka. Makina ankabangula, malamba akuwomba, fumbi lili tolo m'kuwala kolowera pazenera. Amayi awiri ankadikira ndi zidebe zawo. A Fumbi anali pamwamba pa makwerero akuthira chimanga. Anawaona a Lumo, koma anapitiriza ntchito mpaka amayiwo atasenza n'kutuluka. Kenaka anatsika n'kuzimitsa makina. Bata linagwa lolemera, loti munthu n'kumva fumbi likutera.

“Alamu,” anayamba a Lumo, chipewa chili m'manja. “Ndalakwa. Wa maukonde wandiuza zonse. Ndi gaga. Amatsata gaga. Palibe anatigulitsa, timadziitanira tokha.”

A Fumbi anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu womva za mvula ya kudziko lina.

“Koma chimene sindikumvetsa, alamu, n'chakuti munkathiriranji gaga kumchenga? Inu simudziwa kuti kulibe nsomba?”

“Ndikudziwa. Ndinaphunzirira kusambira kumeneko.”

“Ndiye munadziwa kuti ndikunama?”

“Inu mumanama Loweruka lililonse, alamu, ndipo ine ndimakondwa nazo. Koma tsiku lija munalumbira. Munatchula mayi anu, dzanja likunjenjemera pakhosi panga.” Anapukuta nsidze ndi mkono. “Ndinati, munthuyu mtsinje wamuthera, mtima wamusweka, mpaka wayamba kuona nsomba kumene kulibe. Ndinati ndidyetseko, mwina zingabwere zitatu zinayi zosokera, kuti Loweruka mukaponya musachite manyazi pamaso pa a Choko. Ndimafuna bodza lanu likhale loona.”

A Lumo anatembenuka. Anayang'ana pakhomo pamene thumba lawo linkadikira masiku onse. Panalibe thumba. Pakona, kuseri kwa migolo, panatsamira ndodo ziwiri zansungwi zomangidwa pamodzi ndi chingwe, fumbi litayamba kale kuziphimba.

“Bwanji simunanene tsiku lija?”

“Munandifunsa?”

Panja njinga inadutsa ikuliza belu. A Lumo anapotokola chipewa chija ngati akuchifinya madzi. Anali ndi chinthu chimodzi chokha chotsala choti apereke, ndipo anachipereka.

“Alamu, ndinali ndi dziwe. Lenileni. Kupitirira uvuni wa njerwa, pansi pa mtengo wogwa. Munali nsomba za kale, milamba ngati ntchafu yanga. Ndinkakusungirani inu. Ndinkafuna tidzapite awiri, ndidzakuuzeni kuti ponyani apo. Alikokolola lero m'mawa.”

A Fumbi anatembenuza khutu lamoyo n'kumvetsera mpaka kumapeto. Anawayang'ana nthawi yaitali, monga anawayang'anira pagalasi paja. Kenaka pakona ya mlomo wawo panabwera kamseko kotopa, kopanda mkwiyo.

“Milamba ngati ntchafu, ndipo yatha lero lomwe. Limeneli ndiye mwalipeka bwino, alamu.”

“Ndi zoona! Ndikulu...”

“Ayi, musalumbire.”

Pakhomo panafika mayi wina ndi thumba la chimanga pamutu. A Fumbi anapita kukamutula, nakwera makwerero, nakankha chitsulo choyatsira. Makina anabangula. A Lumo anaima pansipo akukuwa kuti dziwelo linalipodi, kuti akhoza kuwatengera akaone okha matope ake, koma alamu awo anali atatembenuzira kwa iwo khutu lakufa.